Selo yosalembedwa imadya mpamba

Mwezi wa August ukamapita kumapeto, chisanu cha ku Dedza chimayamba kutha mphamvu. Mabulangete, majuzi ndi zipewa zomwe zimayenda malonda mu June ndi July zimayamba kugona pashelefu, ndipo m'mashopu a pa boma, pa Chimbiya ngakhalenso pa Linthipe mumaoneka timapepala tolengeza kuti katundu watchipa. Kutsitsa mtengo nthawi ngati imeneyi n'koyenera, chifukwa ndalama yomangika m'bulangete siingadikire mpaka chisanu cha chaka chamawa pamene mbewu ndi feteleza zikufuna kuodedwa mvula isanagwe.

Vuto lagona pakuti amalonda ambiri amatsitsa mtengo pakamwa ndi papepala lopachika pakhomo, koma m'makina a pakauntala, m'foni kapena m'kope momwe amalemba malonda sasinthamo kanthu. Ena amasintha, koma mosintha mwake n'molakwika. Mwezi ukatha katundu watha, ndalama sizikukwana, ndipo palibe yemwe angafotokoze kuti zinapita kuti. Kutsitsa mtengo kulikonse, kaya ndi selo ya mwezi wathunthu, kaya ndi K200 yomwe kasitomala wanenerera, kaya ndi basela, kuyenera kulembedwa m'dzina lake. Wamalonda wosalemba zimenezi amangoganizira phindu lake, salidziwa.

Masamu omwe ambiri sawerengera

Chitsanzo ndi mwini golosale yemwe waoda sopo pa K800 mtanda umodzi n'kumagulitsa pa K1,000. Phindu lake ndi K200 pa mtanda. Akalengeza kuti watsitsa ndi 10 peresenti, kasitomala amalipira K900. M'makutu zimamveka ngati kachinthu kochepa, koma phindu latsika kuchoka pa K200 kufika pa K100, ndiye kuti ladulidwa pakati. Kuti apeze ndalama zomwe amapeza kale pogulitsa mitanda 50 pa sabata, tsopano ayenera kugulitsa 100. Funso loyenera kudzifunsa asanapachike pepala lija ndi lakuti: kodi makasitomala a dera lino angagule sopo wochuluka kawiri chifukwa cha K100? Nthawi zambiri yankho limakhala ayi. Omwe amagula ndi omwe aja akale, kungoti tsopano akulipira zochepa.

Zimanyanya pa malonda a "gulani isanu, wachisanu ndi chimodzi ndi waulere". Mitanda isanu ndi umodzi inamudyera mwini shopu K4,800 pooda. Kasitomala wapereka K5,000. Phindu ndi K200 basi, pamene akanagulitsa pa mtengo wake akanapeza K1,200. Pa K200 yomweyo pachoke ya thiransipoti yochokera ku Lilongwe, ya lendi, ya magetsi ndi ya chiphaso cha kukhonsolo. Apa wamalonda akugwirira ntchito kasitomala.

Makina abwino amatha kuonetsa zonsezi, koma pokhapokha ngati mwini wake analowetsamo mitengo iwiri pa katundu aliyense: woodera ndi wogulitsira. Ambiri amangolowetsa wogulitsira chifukwa ndi umene umafunika palisiti. Makina otere amauza mwini shopu ndalama zomwe zalowa tsiku limenelo, koma sangamuuze ngati wapindula.

Mtanda waulere nawo udutse pamakina

Cholakwika chomwe chimapweteketsa anthu osalakwa ndi cha basela. Wogulitsa amalowetsa m'makina mitanda isanu yomwe yalipiridwa, wachisanu ndi chimodzi n'kungouponya m'jumbo. Makina amachotsa isanu pa katundu yemwe ali m'shopu, pamene pashelefu pachoka isanu ndi umodzi. Zikachitika ka 20, makina amanena kuti pali mitanda 20 yomwe kulibe, katundu wa K16,000 pa mtengo woodera.

Tsiku lowerenga katundu likafika, mwini shopu amayang'ana mtsikana kapena mnyamata wapakauntala ndi diso loipa. Ena amadulidwa malipiro, ena ntchito imawathera pomwepo, chonsecho sopoyo anaperekedwa molamulidwa ndi bwana yemweyo. Komanso mbali inayi ndi yoona: wantchito wa manja ataliatali amabisala mumdima womwewu. Ngati basela salembedwa, aliyense angatulutse katundu n'kunena kuti anapereka kwa kasitomala, ndipo palibe angamutsutse.

Chofunika n'chakuti katundu aliyense wotuluka pakhomo adutse pamakina, ngakhale waulere. Mitanda yonse isanu ndi umodzi ilowetsedwe, kenako pa umodziwo pachotsedwe mtengo wonse. Lisiti lidzaonetsa kuti katundu watuluka mungati, ndalama yalowa zingati, ndipo yomwe yasiyidwa dala ndi zingati.

Kufufuta mtengo ndi kuchotsera ndi zinthu ziwiri

Pafupifupi pulogalamu iliyonse yogulitsira, ya pakompyuta kapena ya pafoni, ili ndi njira ziwiri zotsitsira mtengo. Yoyamba ndi kulowa pomwe panalembedwa katunduyo, kufufuta K1,000 n'kulembapo K900. Yachiwiri ndi kusiya K1,000 pamalo pake n'kugwiritsa ntchito batani la discount pogulitsa. Ambiri amakonda yoyamba chifukwa ndi yachidule. Koma ili ndi mavuto atatu.

Loyamba, mtengo weniweni umasowa, ndipo pakutha pa mwezi makina sangathe kunena kuti seloyo yadya ndalama zingati, popeza kwa iwo K900 ndiye mtengo wake. Lachiwiri, mtengo wofufutidwa umaiwalika. Selo yomwe inali ya masabata awiri imapitirira miyezi itatu, katundu watsopano woodedwa modula n'kumatuluka pa mtengo wa katundu wakale. Lachitatu, kasitomala akabweza katundu pambuyo poti mtengo wabwerera mwakale, wapakauntala angamubwezere K1,000 pa chinthu chomwe anagula K900.

Batani la discount limasunga mbiri: ndani wachotsera, pa katundu uti, nthawi yanji, ndalama zingati. Mapulogalamu ena amalolanso kuika tsiku loyambira ndi tsiku lothera selo, kotero kuti mtengo umabwerera wokha. Pomwe pulogalamu ilibe zimenezi, tsiku lothera lilembedwe pakalendala yapakhoma, ndipo mwini shopu alione ngati tsiku lolipira ngongole ya ku banki mkhonde, loti silidumphidwa.

Mphamvu yochotsera mtengo isakhale ya aliyense. Ngati makina amalola kuti wantchito aliyense akhale ndi nambala yakeyake yachinsinsi, mwini shopu aike malire: wapakauntala achotsere pang'ono pokha, zoposa pamenepo afunse kaye. Kubwerekana nambala yachinsinsi n'chimodzimodzi kusiya kiyi wa shopu pazenera.

Katundu wa selo akhale ndi dzina lakelake

Pali katundu wina yemwe amatsitsidwa chifukwa cha vuto lake: mkaka wa ufa kapena zakumwa zomwe masiku ake ogwiritsira ntchito atsala pang'ono kutha, zitini zopindika, mapaketi omwe katoni yake inanyowa panjira. Katundu wotere amakhala ndi barcode yofanana ndi ya mnzake wabwinobwino. Makina satha kusiyanitsa botolo lomwe latsala ndi masabata atatu ndi lomwe latsala ndi chaka. Mwini shopu akaika discount pa barcode imeneyo, katundu yense amatsika mtengo, watsopano yemwe, ndipo makasitomala ochenjera amasankha watsopanoyo n'kusiya wakale pomwepo.

Njira yake ndi kutsegula mzere wina m'makina, mwachitsanzo "Juwisi wa selo", n'kusamutsirako chiwerengero chenicheni cha mabotolo omwe atsitsidwa. Mabotolowo amatidwe kapepala ka mtundu wina ndipo aikidwe padengu kapena pashelefu yawoyawo pafupi ndi khomo. Akatha mabotolo 24 omwe anasamutsidwa, seloyo yatha yokha. Akatsala asanu tsiku lake litakwana, achotsedwe m'makina ngati katundu wowonongeka, chifukwa chake chilembedwe, ndipo atayidwe.

Pamenepa pasakhale kunyengerera. Kutchipitsa sikusandutsa katundu wotha masiku kukhala wabwino. Bungwe la Malawi Bureau of Standards limalanda katundu wotere m'mashopu, ndipo la Competition and Fair Trading Commission, lomwe tsopano likugwiritsa ntchito lamulo latsopano la mu 2024, limalipiritsa chindapusa amalonda opezeka akugulitsa zotha masiku kapena kunamiza ogula pa mitengo. Mtengo wolembedwa pashelefu ukasiyana ndi womwe makina akutchula pakauntala, kasitomala ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Chimodzimodzi kukweza mtengo Lolemba n'cholinga choti Lachisanu ulengezedwe kuti watsika. Tauni ya Dedza ndi yaing'ono, anthu amadziwana, ndipo mbiri yotere imafika ku Mayani ndi ku Lobi msanga kuposa minibasi.

Mtengo wa dzulo ndi mtengo wa mawa

Makina amawerengera phindu potengera mtengo womwe katundu anaodedwera. M'dziko lomwe mitengo imakhazikika, zimenezi n'zokwanira. Ku Malawi sizikwana. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Amalonda omwe anapitiriza kugulitsa pa mitengo yakale masiku amenewo anaona makina akuwauza kuti apindula, koma atapita kukaoda anapeza kuti ndalama ya makatoni khumi ikugula asanu ndi awiri kapena kucheperapo.

Kwa amalonda a ku Dedza nkhaniyi ndi ya tsiku ndi tsiku, chifukwa katundu wambiri amalowera pachipata cha Dedza ndi Calomue kuchokera ku Mozambique, ndipo mtengo wake umayendera mphamvu ya kwacha poyerekeza ndi metikali. Choncho asanatsitse mtengo, wamalonda aimbe kaye foni kwa womuodetsa n'kufunsa mtengo wa lero. Ngati sopo wa K800 uja tsopano akuodedwa pa K950, kumugulitsa pa K900 n'kuluza K50 pa mtanda uliwonse, ngakhale makina akuonetsa phindu la K100. Malire otsitsira mtengo ndi ndalama yomwe ifunike kuti katunduyo abwerere pashelefu.

Lamulo limeneli lili ndi pothera pake. Katundu yemwe mwini shopu sakufunanso kumuoda, kapena yemwe akhoza kuwonongeka, angagulitsidwe ngakhale pansi pa mtengo woodera, bola ndalama ina ibwerere. Amayi ogulitsa tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu wa M1 pa Bembeke amadziwa zimenezi kuposa makina alionse: mulu wa tomato womwe m'mawa unali ndi mtengo wake, dzuwa likapendeka umawonjezeredwa kapena kutsitsidwa, chifukwa mawa udzakhala wa nkhumba. Ogulitsa kaunjika nawo amadziwa kuti ndalama ya belo imabwerera pa zovala zoyamba kusankhidwa tsiku lotsegula, ndipo zotsalira zimayenera kuchoka pa mtengo ulionse kuti papezeke ya belo lina. Kumeneko ndi kutsitsa kwa dala, kodziwa chifukwa chake. Kolakwika ndi kutsitsa shuga, mafuta ophikira kapena mchere, zinthu zomwe zikanagulidwabe, chifukwa chongoona kuti woyandikana naye wapachika pepala.

Msonkho sufunsa za chifundo

Kwa omwe analembetsa msonkho wa VAT, nkhaniyi ikukhudzanso bungwe la Malawi Revenue Authority. Kuyambira mu 2014 amalonda otere ankapereka malisiti a makina a EFD, ndipo MRA yabweretsa njira yatsopano ya Electronic Invoicing System, yomwe anthu akungoitchula kuti EIS. Njirayi imatumiza malonda ku MRA kudzera pa intaneti ndipo imalondolozanso katundu yemwe ali m'shopu.

Msonkho umawerengeredwa pa ndalama zomwe zalembedwa palisiti. Potengera 16.5 peresenti yomwe inagwira ntchito kwa zaka zambiri mpaka mu 2025, katundu wa K11,650 ali ndi msonkho wa K1,650 mkati mwake. Kasitomala akanenerera n'kulipira K9,320, msonkho woyenera ndi K1,320. Koma ngati wapakauntala watulutsa lisiti la mtengo wonse n'kulandira ndalama zochepa, mwini shopu adzapereka K330 ya msonkho kuchokera m'thumba mwake, pa ndalama yomwe sanailandire. Winanso poopa zimenezi amangosiya kutulutsa lisiti, ndipo kumeneko ndi kuswa lamulo. Pomwe katundu wolowa ndi wotuluka akuoneka ku MRA, kusiyana pakati pa shelefu ndi makina kudzafuna kufotokozedwa, ndipo mawu akuti "anali basela" opanda cholembedwa sadzathandiza munthu.

Zomwe otsutsa amanena

Ena adzati zonsezi ndi za mashopu akuluakulu a ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 80 kuchokera ku Dedza, osati za okala ya pa Thete kapena benchi la mumsika wa Golomoti. N'zoona kuti mavenda ambiri alibe makina, ndipo sakufunika kugula. Koma mfundo yake ndi imodzimodzi. Kope la sukulu lokhala ndi mizere inayi limagwira ntchito yomweyo: katundu, mtengo wake, ndalama yomwe yalandiridwa, ndi yomwe yasiyidwa. Madzulo mzere wachinayiwo uwonkhetsedwe. Ambiri omwe angayese kwa sabata imodzi adzadabwa kuona kuti ndalama yosiyira makasitomala ikuposa ya chakudya cha pakhomo cha tsiku lathunthu.

Ena adzati kunenerera ndi chikhalidwe cha pamsika, ndipo wamalonda wouma mtima makasitomala amamuthawa. Izinso n'zoona. Palibe akunena kuti kunenerera kuthe. Kasitomala wa zaka zisanu, yemwe amagula mwezi ndi mwezi ndipo ngongole amabweza, ngoyenera kumuchitira ulemu. Koma ulemuwo ukhale ndi malire odziwika m'mawa, malonda asanayambe, osati oganiziridwa pomwepo chifukwa chochita manyazi ndi apongozi kapena akuluakulu a kumpingo. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Yemwe akudziwa kuti pa chitenje sangatsike kuposa K500 amanenerera momasuka, moseka, ndipo saluza.

Enanso adzati magetsi a Escom amazima, netiweki imavuta, ndipo mzere ukatalika palibe nthawi yodina mabatani. Yankho lake ndi kope lomwe lija, lokhala pambali pa makina. Zogulitsidwa nthawi ya mdima zilembedwe, kuphatikizapo zochotsera, ndipo zilowetsedwe magetsi akangoyaka, tsiku lomwelo. Zikagona mpaka mawa zimaiwalika.

Palinso kuchotsera komwe anthu sakuona ngati kuchotsera. Kasitomala akalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba popanda kuwonjezera yotapira, ndalama yomwe ejenti adzadule imachoka pa phindu. Chenje chikasowa, wogulitsa n'kunena kuti "basi pitani" pa K50, imeneyonso ndi selo. Paketi yomwe mwana wa pakhomo watenga pashelefu, kapena shuga yemwe wapita kumaliro, zonsezi ndi katundu wotuluka. Palibe cholakwika kupereka, koma zilembedwe pa mzere wake kuti wantchito asadzasenze mlandu wa eni nyumba.

Selo ikatha, iwerengedwe

Chomaliza chomwe ambiri sachita ndi kubwerera m'mbuyo kukaona ngati seloyo yathandiza. Lipoti la makina, kapena masamba a m'kope, ayankhe mafunso atatu. Katundu watuluka mungati poyerekeza ndi masabata omwe kunalibe selo? Ndalama zochotsera zonse pamodzi zakwana zingati? Nanga phindu lotsala ndi lalikulu kapena laling'ono kuposa la nthawi zonse? Ngati mabulangete 30 omwe akanagona miyezi isanu ndi inayi asanduka ndalama yoodera mbewu ya chimanga ndi makasu mu October, seloyo yagwira ntchito yake ngakhale phindu pa bulangete lililonse linali lochepa. Ngati sopo watuluka chimodzimodzi ngati kale koma ndalama zatsika, selo yotere isadzabwerezedwe.

Makampani opanga katundu nawo amabweretsa zotsatsa zawo, monga katoni yaulere pa makatoni khumi. Katoni yaulereyo ilowetsedwe m'makina ngati katundu wolandiridwa, ndipo ndalama yonse yomwe yalipiridwa igawidwe pa makatoni onse 11 kuti mtengo woodera weniweni udziwike. Makatoni khumi a K22,000 iliyonse ndi K220,000. Kugawa pa 11, katoni imodzi yagwera K20,000. Apo mpamene mwini shopu angasankhe mwanzeru ngati K2,000 yotsalayo aisunge kapena agawireko makasitomala.

Mpamba wa wamalonda wamng'ono nthawi zambiri umachokera ku ngongole ya gulu, ku zokolola za chaka chatha kapena kwa m'bale yemwe ali ku Joni. Kawirikawiri sutha tsiku limodzi ngati wabedwa. Umatha pang'onopang'ono, K100 apa, mtanda wa sopo apo, mwini wake akusangalala kuti shopu yadzaza anthu. Yemwe wagula makina kapena waika pulogalamu m'foni awagwiritse ntchito yonse yomwe anapangidwira, ndipo yemwe alibe agule kope la masamba 40 n'kujambulamo mizere inayi ija lero lomwe.